Mwana wasankhidwa kwa asisiteri, mumutumize?

Mayi wina wandilembera imelo sabata yathayi kuti mwana wawo wamkazi wasankhidwa Fomu 1 kusukulu ya asisiteri, koma iwo ndi a CCAP, nde akuopa kuti mwana akamutembenuza akhale Mkatolika, komanso akuti amamva zoti asisiteri ndi ankhanza. Akufunsa ine poti ndinadutsako.

Mayi, za chipembedzozo mtima ukhale m'malo. Ifeyo misa timalowa tonse, kaya ndiwe wa Seventh Day kaya Msilamu, belu likalira m'mamawa kudakali chisisira umadzuka basi, mwezi wa Meyi ndi Okutobala korona madzulo aliwonse mpaka tonse tinaloweza Tikuoneni Maria osafuna. Koma Ukalistia amalandira Akatolika okha, ndipo palibe sisiteri anandiuzapo kuti ndisiye mpingo wanga, mpaka pano ndimapemphera komwe ndinabadwira.

Zaukali ndiye sindikunamizani, analipo. Sisiteri wina amatiphunzitsa masamu, kayendedwe kake kopanda phokoso, umangozindukira waima kumbuyo kwako nthawi ya prep iwe uli busy kulemba kalata ya chibwenzi. Chibalo chake sichinali chikoti ayi, amakupatsa khasu ukalime dimba kapena ukolope kolido yonse anzako akudya. Kuyankhula Chichewa mkalasi unali mlandu, ndipo ichi mpaka lero sindigwirizana nacho, mwana wochokera kumudzi amangokhala duu teremu yonse kuopa kulakwitsa chizungu.

Koma sisiteri yemweyo ndi amene amadziwa kuti uje fizi yavuta, uje mayi ake akudwala, nkukayankhula kuofesi mwakachetechete kuti asathamangitsidwe. Mtsikana akayamba kumwezi koyamba ali kubodin'i amathawira kwa iwo omwewo. Komanso ntchito yophunzitsa atsikanayi sanaiyambe dzulo, ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, asisiteri a Daughters of Wisdom nkuwatsatira patangopita zaka zochepa, nthawi imene makolo ambiri amaona ngati sukulu ndi ya anyamata okha. Nchifukwa chake mayina ngati Marymount ku Mzuzu, Ludzi ku Mchinji, Likuni, Providence ku Mulanje ndi Stella Maris ku Blantyre makolo amawalimbirana chonchi, zotsatira za MSCE zikatuluka mumaona nokha.

Chabe dziwani kuti masiku ano asisiteri ophunzitsa mkalasi ndi ochepa, ambiri ndi aphunzitsi wamba, sisiteri amakhala hedi kapena woyang'anira hostel, nde musayembekezere zathu zija ndendende. Pitani mukaone malo ogona, mufunse za madzi ndi chakudya, mufunsenso ngati ana a mipingo ina amaloledwa kupemphera paokha Lamulungu.

Ine ndikanakhala inu ndikanamutumiza. Mumugulire ndowa yakeyake mulembepo dzina ndi penti, komanso chiponde ndi shuga zisasowe mu trunk, nyemba za kubodin'i sabata yoyamba sizilowa.