Bridge ya Tor pa seva yobwereka: yambani, koma yang'anirani bilu

Achimwene, mwafunsa ngati n'chanzeru kubwereka seva pa cloud n'kuikapo bridge ya Tor (Tor ndi netiweki yothandiza anthu kulowa pa intaneti mobisika ndi kuzemba zotseka za boma, ndipo bridge ndi khomo lobisika lolowera mu Tor), komanso ngati kampani yobwereketsayo sidzakuvutitsani. Ine ndikuti yambani. Ofuna thandizoli alipo ambiri. Russia idayamba kutseka Tor mu Disembala 2021, ku Iran anthu adadalira kwambiri ma bridge ndi Snowflake (njira ina yolowera mu Tor kudzera pa makompyuta a anthu odzipereka) pa zionetsero za mu 2022, ndipo ku China ndi ku Turkmenistan kulowa mu Tor mwachindunji n'kovuta zedi. Ma relay wamba, omwe ndi maseva opatsirana data mu Tor, amalembedwa poyera, choncho boma likafuna limangowatseka onse. Adiresi ya bridge siilembedwa pa mndandanda umenewo, imaperekedwa pang'onopang'ono kwa oifuna.

Za madandaulo musade nkhawa kwambiri. Amene amalandira makalata okwiya kuchokera ku makampani ndi oyendetsa exit relay, chifukwa zonse zotuluka mu Tor kupita pa intaneti zimaoneka ngati zachokera kwa iwo. Bridge yanu imangolandira munthu n'kumupereka kwa relay ina mkati mwa Tor momwemo. Komabe werengani malamulo a kampaniyo musanalipire, poti ena salola chilichonse chokhudza Tor.

Pamene ndikufuna muganizire bwino ndi pa ndalama. AWS, Google Cloud ndi Azure amalipiritsa data yotuluka pa gigabyte iliyonse, ndipo bridge yogwira bwino ntchito imatulutsa data usana ndi usiku. Mwezi umene dziko lina latseka intaneti, anthu amakhamukira pa bridge yanu ndipo bilu imakwera inu muli mtulo. Kwa ife amene timalipira m'madola pamene ndalama zakunja zikusowa chonchi, imeneyo si nkhani yaing'ono. Sankhani VPS (seva yobwereka) yaing'ono ya mtengo wokhazikika pa mwezi, yokhala ndi data yochuluka kapena yopanda malire. Ngati mwakakamira cloud yolipira pa gigabyte, ikani AccountingMax ndi AccountingStart mu torrc, fayilo ya makonzedwe a Tor, kuti Tor izipumula ikafika pa mlingo umene mwaika. Makina amphamvu safunika. Tor Project, bungwe lopanga Tor, imapempha liwiro la 1 Mbit/s pokweza ndi potsitsa ngati poyambira, ndi seva yosazima. N'chifukwa chake cloud ikuposa kompyuta ya kunyumba, kumene magetsi amazimazima.

Mukatha kupeza kampani ina osati Hetzner kapena OVH, chitani choncho. Ma relay ambiri adaunjikana kale kumeneko, ndipo Tor imalimba ikamwazikana m'makampani ndi m'maiko osiyanasiyana.

Pokhazikitsa, Debian (mtundu wina wa Linux) ndi yosavuta. Tengani Tor kuchokera ku repository ya Tor Project, ikani obfs4 (pulogalamu yobisa kuti data ikudutsayo ndi ya Tor), lembani BridgeRelay 1 mu torrc, ndipo tsegulani ma port awiri pa firewall, ya ORPort ndi ya obfs4. Pewani port 9001 chifukwa otseka intaneti amaidziwa kuti ndi ya Tor. Musagwiritse IP imene idakhalapo relay ya poyera, poti imeneyo idadziwika kale. Pa ContactInfo ikani imelo imene mumaiwerengadi, ndipo yatsani unattended-upgrades kuti seva izidzikonza yokha. Ngati muli ndi domain komanso mumadziwa nginx, onaninso WebTunnel, mtundu wina wa bridge umene udatuluka mu 2024. Imachititsa kuti munthu aoneke ngati akungotsegula tsamba wamba la HTTPS.

Chonde musaike bridge line yanu (mzere wa adiresi ndi zina zolowera pa bridge yanu) mu gulu la pa intaneti kapena pa Facebook. Ikafalikira poyera imatsekedwa msanga, ndipo ndalama zanu zapita pachabe. Lolani kuti Tor Project iigawe yokha kudzera mu Tor Browser, pa imelo kapena pa Telegram.

Masiku oyamba mwina simudzaona munthu aliyense, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kuzimitsa seva. Dikirani. Fufuzani fingerprint (nambala yozindikiritsa bridge yanu) pa Relay Search ya pa tsamba la Tor Metrics kuti mutsimikize kuti ikuoneka kuti ikuyenda. Ngati ndalama ya VPS yavuta mwezi uno, ikani kaye Snowflake pa Firefox kapena Chrome, imathandiza anthu omwewo popanda kubwereka seva.