Siginecha ya fayilo aziona ndani, kernel kapena pulogalamu wamba?

FUNSO: Ndikuphunzira kuyang'anira maseva a Linux. Ndaona kuti apt, chida choikira mapulogalamu, imayamba yatsimikiza siginecha (chidindo cha pakompyuta chosonyeza komwe fayilo yachokera) isanaike pulogalamu. Nanga bwanji ena amati kernel, mtima wa Linux, nayonso iziona masiginecha? Si kubwereza ntchito kumeneku?

YANKHO: Zikomo pofunsa. Si kubwereza ayi, nkhani yagona pa nthawi. Apt imaona siginecha tsiku lomwe mukutsitsa pulogalamuyo: imatsimikiza kuti mndandanda wa mafayilo unasainidwa ndi kiyi yodalirika, kenako n'kufananitsa hash ya fayilo (nambala yaifupi yoimira zonse zili m'fayilomo) ndi yomwe ili pamndandandawo. Zake zathera pomwepo. Patatha miyezi isanu wina akasinthamo kenakake m'fayiloyo, apt imangoti zii. Ngakhale mutalemba pulogalamu yoti iziona siginecha musanatsegule fayilo, kampata kamatsalabe pakati pa kuona ndi kutsegula, ndipo wochenjera amalowera pomwepo. Kernel ndiye ili pakhomo pomwe chilichonse chochoka pa disiki chimadutsira.

Pa ma module, tizidutswa toonjezera pa kernel monga ma driver, palibe zokambirana. Module ikalowa imasanduka mbali ya kernel yeniyeniyo, choncho kernel iyenera kudzionera yokha. Linux inayamba kutero pa 3.7, m'chaka cha 2012. Ine zinandikwana usiku wina nditakonza ndekha driver ya wifi pa laputopu yokhala ndi Secure Boot, chitetezo chomwe chimafuna kuti zoyatsira kompyuta zikhale zosainidwa. Nditalemba modprobe kuti ndilowetse module, yankho linali mzere umodzi: "Key was rejected by service". Ndinayesa katatu, ngati kuti makinawo asintha maganizo. Wolakwa ndinali ine. Ndinafunika kupanga kiyi yanga, kuilembetsa ndi mokutil, kuyatsanso kompyuta n'kuvomereza kiyiyo pa sikirini ya buluu yomwe imabwera poyatsa, kenako n'kusaina module.

Koma pa mafayilo wamba, ine sindikondwera nazo zoti kernel tiziisenzetsa chilichonse. Kuti ione siginecha payokha, imayenera kumasulira masatifiketi a X.509 ndi zolembedwa mu PKCS#7, zinthu zopotanapotana zomwe wakuba akhoza kuzikonza dala molakwika. Cholakwika choterocho chikachitikira mu user space, kunja kwa kernel komwe mapulogalamu wamba amagwirira ntchito, nthawi zambiri imavulala ndi pulogalamu imodzi. Chikachitikira mu kernel, makina onse apita. Ndiye palinso za malamulo: kiyi iti tiidalire, iti yabedwa, iti tiisiye? Izi zimasinthasintha, ndipo kukonza pulogalamu wamba n'kosavuta kusiyana ndi kusintha kernel pa seva yomwe anthu akuigwiritsa ntchito.

N'chifukwa chake ndimakonda mmene fs-verity, njira ya kernel yoonetsetsa kuti fayilo sinasinthidwe, imagawira ntchito. Inalowa mu Linux 5.4 m'chaka cha 2019. Mukaiyatsa pa fayilo, fayiloyo siilembekanso. Kernel imaidula m'tizigawo, kawirikawiri ta mabayiti 4096, n'kupanga hash ya kagawo kalikonse, ma hash amenewo n'kuwapangiranso hash yawo, mpaka kutsala imodzi pamwamba. Umenewu ndiye amati Merkle tree. Kagawo kakamawerengedwa kuchoka pa disiki, kernel imayamba yakayesa kaye. Kakapanda kugwirizana, pulogalamu imalandira error m'malo mwa data yoonongeka. Tsono pulogalamu yanu ya mu user space imangofunsa kernel digest ya fayiloyo, hash imodzi yoimira fayilo yonseyo, n'kuona siginecha yake ndi njira yomwe inu mwasankha. Kampata kaja katsekeka, chifukwa fayilo yomwe mwatsegulayo singasinthidwe mwakachetechete. Fs-verity ili nayonso njira yoti kernel izidzionera siginecha, koma pochita yokha siiletsa munthu kuika fayilo ina yopanda verity pamalo pa yoyambayo.

Chenjerani pa chinthu chimodzi: pulogalamu yoona siginechayo ikakhala poti aliyense wa root (wokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo) akhoza kuisintha, mwagwira ntchito pachabe. Iikeni pa partition yotetezedwa ndi dm-verity, yomwe imachita zomwezo pa partition yonse, monga amachitira mafoni a Android.

Poti mukuphunzira, yeserani pa disiki yosafunika kwenikweni. Pa ext4 yambani ndi tune2fs -O verity, kenako fsverity enable pa fayilo imodzi, muyese kuilemba muone mmene ikukanireni.