Mabuku ena ngobwereka, ena ngogula

Achemwali, funso lomwe munafunsa pagulu pano ndaliona mochedwa, koma ndiloleni nane ndiponyepo mawu. Mwati mwangoyamba kumene ntchito, mukufuna kukhala ndi mabuku anuanu kunyumba, koma malipiro ndi ochepa, ndipo madzulo mukati mutsegule buku tulo timakubani musanamalize tsamba. Mwafunsa kuti anzanu okonda kuwerengafe timagula kuti, nanga nthawi timaipeza bwanji.

Ambiri akuyankhani kale za masitolo a mabuku, ine ndiyambira pena. Si buku lililonse lofunika kuti mulitayire ndalama. Nthano zachingerezi zija munthu umawerenga kamodzi n'kuiwala, mabuku a malangizo a momwe ungalemerere, mbiri za anthu otchuka akunja, zonsezi bwerekani. Laibulale ya boma, National Library Service, ilipo chifukwa cha anthu ngati inu ndi ine. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967, likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Ambiri timaiona ngati malo a ana a Fomu 4 okonzekera mayeso, n'chifukwa chake mashelufu a nthano amangokhala osawakhudza pomwe matebulo adzaza. Kalembetseni, muzitenga buku n'kukawerengera kunyumba. Mukaona kuti buku lina mwalibwereka kawiri ndipo mtima ukulifunabe, limenelo ndiye mukagule.

Ndalama yochepa yomwe muli nayoyo, ine ndikanakonda muisungire mabuku omwe akusowa, ndipo kwathu kuno osowa kwambiri ndi a Chichewa. Buku lachingerezi lotchuka, ngakhale litang'ambika lero, mawa mulipeza lina, chifukwa linasindikizidwa mochuluka m'mayiko ambiri. La Chichewa limasindikizidwa pang'ono, ndipo likangochoka pa silabasi ya sukulu nthawi zambiri osindikiza sabwereranso kwa ilo. Limatha mwakachetechete: lina ayatsira mbaula, lina akulungira zitumbuwa, lina chiswe.

Tengani chitsanzo cha Nthondo, buku la a Samuel Josia Ntara, omwe anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira a Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a nthano yaitali m'chilankhulo chathu. Tafunsani anthu a pagulu pano kuti ndi angati ali nalo m'nyumba. Chimodzimodzinso mabuku a a Gwengwe, a Chadza, a Zingani ndi a Ntaba, omwe ambirife tinakula nawo kusukulu. Timawatchula ndi chimwemwe tikamakumbutsana zakale, koma kuti wina alitulutse patebulo, zii.

Mwina muganiza kuti malaibulale akuluakulu akusunga, ndiye palibe chodandaula. Akusungadi, ndipo ku Zomba kuli National Archives, ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi m'nyumba yakale ija ya Mandala. Koma kumbukirani zomwe zinachitika mu Disembala 2015, pomwe laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Akufuna kwabwino anathandiza ndi mabuku ena ochokera kunja, koma zolembedwa kuno kwathu, zomwe kope lake linali limodzi kapena awiri, munthu wa ku America sangakutumizireni. Kope lomwe lili m'nyumba mwanu likhoza kukhala lofunika kuposa momwe mukuganizira.

Tsono kopeza. Atsopano pitani m'masitolo monga a CLAIM, kapena funsani za omwe amasindikizidwa ku Dzuka, ku Montfort Media ku Balaka, ndi a Kachere ku Zomba kwa okonda mbiri ndi zachipembedzo. Akale ndiye amafuna miyendo. Anyamata oyala mabuku m'mbali mwa misewu ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Old Town ku Lilongwe amaika pamwamba mabuku a sukulu chifukwa ndi omwe amayenda malonda. Zomwe mukufuna inu zimakhala pansi pa mulu kapena m'katoni ya pambali, ndiye khalani pansi mufukule ngati muli pa kaunjika wa zovala. Mukapeza chokoma musaonetse mano, mtengo ukwera pomwepo. Komanso mukazolowerana ndi wogulitsa mmodzi, muuzeni mtundu wa mabuku omwe mumafuna, musiye nambala. Anthu amenewa amadziwa nyumba zomwe zikusamuka ndi sukulu zomwe zikuchotsa mabuku akale.

Koma malo oposa onse ndi kwa achibale. Aphunzitsi opuma, abusa, akatekisiti, agogo omwe anagwirapo ntchito m'boma, ambiri ali ndi sutikesi kapena thiranki pansi pa bedi yomwe ana awo saiyang'ana n'komwe. Pemphani mwaulemu ali moyo. Maliro akachitika anthu amalimbirana mipando ndi wailesi, mapepala amathera kudzala.

Mukagwira buku lakale, pali zinthu zokuthandizani kudziwa msinkhu wake ngakhale tsamba loyamba litathothoka. Ngati alemba kuti Cinyanja, cimanga, cifukwa, popanda h, ndiye kuti mwina ndi lakale kwambiri kapena ndi la ku Zambia, komwe amalembabe choncho. Kuno dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Chichewa Board, yomwe inayamba mu 1972, ndi yomwe inakonza malamulo a kalembedwe omwe tinaphunzira kusukulu, ntchitoyi isanapite ku Centre for Language Studies mu 1996. A ku Zambiawo musawanyoze. Nthawi ya atsamunda mabuku ambiri a Chinyanja ankadutsa ku bungwe limodzi la mayiko awiriwa lomwe linali ku Lusaka, moti alembi a kuno ndi a ku Chipata ankawerengedwa mbali zonse. Chenjeraninso ndi mabuku a fotokope omwe awaika chikuto chonyezimira. Werengani manambala a masamba musanalipire, chifukwa ena amadumpha mutu wathunthu, ndipo inki yake imafufutika msanga.

Kusunga ndi nkhondo ina. Katoni ya mabuku isakhudze simenti kapena khoma, makamaka m'nyumba za lendi zomwe zimakoka chinyezi nthawi ya dzinja. Chiswe chimalowera pansi, kunja katoni ikuoneka bwinobwino, mudzatsegula mupeze dothi lokhalokha. Ngati shelufu simunakwanitse, matabwa awiri ndi njerwa zowotcha zikwanira, bola pakhale mpata pakati pa mabuku ndi khoma woti mpweya uzidutsa. Musawamangire m'majumbo, amachita thukuta n'kugwira chuku. Mphemvu zimakonda guluu wa kumsana kwa buku, choncho musadyere pafupi ndi shelufu. M'mwezi wa Okutobala, kunja kukauma, atulutseni muwakunthe fumbi ndi kuwayala pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limapinda zikuto. Ong'ambika akutireni ndi pepala la khaki monga tinkachitira ku pulayimale. Selotepi ayi, pakapita zaka imasiya chikasu ndipo imachoka ndi zilembo.

Mdani wamkulu komabe amayenda ndi miyendo iwiri, ndipo amati "ndibweza Lolemba". Ine ndili ndi kope lomwe ndimalembamo dzina la wobwereka ndi tsiku, iye akuona. Ena amakhumudwa, koma buku limabwera. Ndipo pali shelufu imodzi, ya a Chichewa akale aja, yomwe ngakhale mlamu wanga amawerengera pakhonde pomwepo n'kusiya. Kumana si khalidwe lathu, ndikudziwa, koma buku lomwe silikusindikizidwanso likapita lapita.

Za nthawi sinditalikitsa. Musalimbane ndi usiku ngati thupi lakana. Tsiku lathu lili ndi kudikira kochuluka: minibasi ikudikira kudzaza pa depoti, mzere wa kubanki, kuchipatala, msonkhano womwe anati uyamba 9 koloko koma akuluakulu sanafike. Buku laling'ono likhale m'chikwama nthawi zonse, ndipo mukakhala pansi dzanja liyambe lafika pa buku lisanafike pa foni. Ine nthawi yanga yeniyeni ndi mmamawa, madzi osamba ali pamoto, masamba angapo basi. Magetsi akathima madzulo ndi mwayi winanso, popeza TV yakhala chete. Kanyale ka sola kamakwanira. Ngati m'nyumba muli ana, awerengereni mokweza, mudzaona kuti iwo ndi omwe azikukumbutsani mawa lake. Ndipo buku likakutopetsani lisiyeni, simukulemba mayeso. Anthu ambiri amasiya kuwerenga chifukwa chokakamira buku limodzi losakoma miyezi, n'kumadziona ngati aulesi.

Wina pamwambapa wati musavutike, ma PDF ali mbwee pa WhatsApp. Kuwerenga pafoni sindikutsutsa, ndipo mabuku akale omwe eni ake anawamasula kuti aliyense awerenge ulele alipo ambiri pa intaneti. Koma buku la mlembi wa kuno yemwe ali moyo, yemwe mwina anatenga ngongole kuti asindikize makope ochepa, kuligawa pagulu ndi kumulanda chakudya pakamwa, ndipo akaluza salembanso lina. Mukamva kuti mlembi akukhazikitsa buku, kaya kudzera ku Malawi Writers Union kaya payekha, pitani mukagule m'manja mwake, akusayinireni. Kawirikawiri mtengo wa tsiku limenelo umakhalako bwino, ndipo ndalama imafika kwa mwini wake.

Simunatiuze dera lomwe mukukhala. Tatiuzani, chifukwa pagulu pano pali anthu a m'maboma ambiri, ndipo wina akhoza kukulozerani laibulale yapafupi kapena wogulitsa wodalirika. Mutiuzenso ngati mumakonda nthano, ndakatulo kapena mbiri, kuti tidziwe poyambira pokutchulirani mabuku.