Kwa mayi wa ku Kapata amene afunsa za filimu ya mwana wawo

Amayi, mwafunsa ngati filimu ya Love, Simon, imene mwaipeza mufoni ya mnyamata wanu wa zaka 16, ingamusinthe, komanso ngati mumulande foniyo.

Filimuyi inatuluka ku America mu 2018. Ndi ya nthabwala ndi chikondi cha ana a sekondale. Simon amakopeka ndi anyamata anzake koma akuopa kuuza makolo ake. Mnzake wina wa kusukulu akupeza mauthenga ake achinsinsi n'kuyamba kumuopseza kuti awaulula. Nkhani yonse yagona pa mantha amenewo, mantha a mwana wosadziwa ngati kwawo adzamukondabe.

Ana ambiri amaionera chifukwa anzawo akuikamba. Ena amadziona mwa Simon. Koma ine sindikhulupirira kuti filimu imasandutsa munthu, ndipo kulanda foni kungomuphunzitsa kubisa.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musathamangire kwa malume ake kapena kumpingo musanalankhule naye nokha. Kuno si ku America. Malamulo a Zambia amalanga kwambiri kugonana kwa amuna okhaokha. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi analamulidwa kukhala m'ndende zaka 15 pa mlandu wotere, ndipo anakhululukidwa mu 2020. Mphekesera ikangofika pamsika, ngakhale yabodza, mwanayo ndiye adzanyozedwe kusukulu, mwinanso kumenyedwa.

Khalani naye madzulo awiriwiri, mumufunse chimene chamusangalatsa mufilimuyo, ndipo mumvetsere osamudula mawu. Mukaona kuti wadzipatula kapena sakudya, imbani Childline, bungwe lothandiza ana, pa 116, ndi yaulere.