Tikufuna kugulitsa nyumba mu Malichi, tiyambire pati?

FUNSO: Ine ndi amuna anga tikukhala ku Leicester, ku England. Ana anakula, ndiye taganiza zobwerera kumudzi. Tikufuna kuika nyumba yathu pamsika mu Malichi, poti anthu akuti nyumba zimayenda malonda nyengo ya spring, kuzizira kukatha. Pano ndi Okutobala. Abambo akuti tigwetse khitchini tiike yatsopano kuti mtengo ukwere, koma ine ndikuona ngati n'kutaya ndalama. Tiyambire pati?
Mayi wa ku Leicester

YANKHO: Amayi, pa nkhani ya khitchiniyi ndili mbali yanu. Muwauze abambo mofatsa kuti ogula ambiri akalowa amafuna kuika ya kumtima kwawo, ndipo ndalama za khitchini yatsopano si kawirikawiri kubwerera zonse. Musinthe zogwirira makabati, mukonze mpopi wodontha, muchotse silikoni wakuda uja wa m'mbali mwa sinki. Basi.

Za spring sanakunamizeni. Mawotchi akasunthidwa patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi kunja kumachedwa kuda, anthu amatha kudzaona nyumba ataweruka, ndipo amene ali ndi ana amafuna akhale atasamuka sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Koma ogulitsa anzanu nawonso akudikira nthawi yomweyo, ndiye pa mawebusaiti otsatsa nyumba a Rightmove ndi Zoopla simudzakhala nokha.

Ine ndikanayamba ndi mapepala, mwezi uno womwe. Ku England wogula akavomera mtengo sindiye kuti wamangika. Mpaka tsiku limene maloya asinthana makontrakiti, akhoza kungotembenuka n'kupita. Sabata iliyonse imene inu mukugudubuza madilowa kufuna pepala, iye akuona nyumba zina pa foni.

Loyamba ndi EPC, chikalata chosonyeza mmene nyumba imadyera gasi ndi magetsi. Lamulo limafuna kuti chikhalepo, kapena mukhale mutachiitanitsa, nyumba isanalengezedwe. Chimagwira ntchito zaka 10, choncho ngati munagula kalekale, chanu chinatha. Ngati mawindo anasinthidwa kuyambira Epulo 2002, loya wa wogula adzafunsa satifiketi ya FENSA (bungwe lovomereza amisiri oika mawindo) kapena ya khonsolo. Boila yotenthetsera madzi ayione mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, pepala lake musunge. Imbiraninso banki imene inakupatsani ngongole ya nyumba, mufunse ngati pali chilango mukabweza nthawi isanakwane. Nthawi zina kungodikira miyezi iwiri kumapulumutsa ndalama zomangira mpanda kumudzi.

Palinso fomu ya TA6 imene loya wanu adzakupatsani. Imafunsa za malire, madzi osefukira, udzu woononga uja wotchedwa Japanese knotweed, ngakhale mikangano ndi aneba. Pamenepa mwambo wathu wa "tisaulule za m'nyumba" muusiye kaye. Mukabisa, wogula akhoza kukusumirani inu muli kale ku Zomba.

Chachiwiri ndi chinyezi, ndipo apa nyengo yozizira ikuthandizani, chifukwa imaulula zonse. Masamba akatha kuyoyoka mu Novembala, itanani munthu achotse zinyalala m'magata a madzi a padenga. Tsiku la mvula yamphamvu valani jekete, muime panja muone pamene madzi akutsikira pakhoma. Kenako mukokere wadilobu kutsogolo muone kuseri kwake. Madontho akuda aja amene amayambira pakona ya chipinda nthawi zambiri amabwera ndi zovala zoyanika pa radiator yotenthetsera m'nyumba mawindo ali chitsekere. Musawapake penti pamwamba. Munthu woyeza nyumba amene wogula adzatume amabwera ndi kachipangizo koyezera chinyezi pakhoma, ndipo akapeza chinyezi wogula adzayamba kunenerera mtengo. Konzani gwero lake tsopano, khoma liume, penti mudzapake mu Febuluwale.

Tsopano ndinene zimene ma agenti ogulitsa nyumba angachite manyazi kukuuzani. Nyumba zathu kunja kuno zimakhala ndi chipinda chimodzi chimene chinasanduka nkhokwe: migolo yabuluu, makatoni a nsapato za abale, mashini osokera, njinga ya mdzukulu, zonse zikudikira kontena. Wogula akatsegula chitseko n'kupeza migolo mpaka kudenga, m'mutu mwake nyumba ya zipinda zitatu yasanduka ya ziwiri. Poti mukubwerera ndithu, katunduyo anyamuke pofika Januwale, m'chipindamo muyalemo bedi. Ndipo usipa ndi utaka wa m'sutikesi uja, ndimaukonda inenso, koma fungo lake limakhala m'makatani masiku angapo. Anthu akayamba kubwera, muzidzaphika akapita.

Panja pali kantchito kotsika mtengo: gulani anyezi a maluwa a daffodil mubzale pakhomo mwezi uno, pofika Malichi adzakhala atachita maluwa achikasu, nthawi yojambula zithunzi.

Mu Januwale itanani ma agenti atatu adzayeze mtengo. Musathamangire amene watchula ndalama zambiri, ena amatero kuti musayine, pakapita masabata n'kumakuuzani kuti mutsitse. Mitengo imene nyumba za mumsewu wanu zinagulitsidwadi imapezeka ulere pa intaneti kuchokera ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo ndi nyumba. Muione kaye, ndipo aliyense mumufunse kuti peresenti yake yaphatikiza kale VAT kapena ayi, komanso kuti kontrakiti yake ikumangani masabata angati.