Kodi nsembe zonse za Aisraeli zinali zolipirira machimo?

Mayi wina wandilembera kalata yofunsa zimenezi, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi.

Mitu 1 mpaka 7 ya Levitiko imatchula mitundu isanu, ndipo itatu yoyambayo munthu ankatha kuipereka mwa kufuna kwake. Nsembe yopsereza inkatenthedwa yonse paguwa, kupatula chikopa chimene chinkapita kwa wansembe, pamene yaufa inkathiridwa mafuta ndi mchere koma osati chofufumitsa kapena uchi. Yachiyanjano inali chakudya chodyera pamodzi: mafuta ankapsa paguwa, chidale ndi ntchafu yakumanja zinkapita kwa ansembe, ndipo nyama yotsalayo inkabwerera kwa mwini wake. Ikakhala yoyamika inkayenera kudyedwa tsiku lomwelo, ndipo ng'ombe yathunthu munthu sangaimalize popanda kuitana anzake.

Nayonso nsembe yauchimo, mayi, si chindapusa monga ambiri amaganizira, chifukwa kwenikweni inali ya zolakwa zochitika mosadziwa ndiponso yoyeretsera, moti mayi amene wabereka ankaipereka ngakhale sanalakwe kanthu. Wosauka ankaloledwa kubweretsa njiwa ziwiri, ndipo wosowa ngakhale njiwazo ankabweretsa ufa.

Imene imandikhudza kwambiri ndi nsembe yopalamula. Wachibale wanga wina anadya ndalama zimene ndinamutuma kuti akandigulire feteleza, ndipo mvula itagwa, chimanga chikuchita chikasu m'munda, anandiuza mosatekeseka kuti analapa kale ndipo anakaperekanso chopereka kutchalitchi, kotero nkhaniyo inatha. Abale ena anandipempha kuti ndisalimbane ndi munthu amene wayanjana ndi Mulungu. Ndinakana, ndipo ndikukanabe mpaka lero. Lamulo la Mose linkati munthu wonama pa chinthu chimene anasungitsidwa abweze chonsecho, awonjezerepo limodzi mwa magawo asanu, ndipo abweretsenso nkhosa yamphongo kwa wansembe. Nkhosayo sinkalowa m'malo mwa ngongole, ndipo aliyense wophunzitsa zosiyana ndi zimenezi akuteteza mbava.

Aroma atagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, nsembe za nyama zinatha, ndipo arabi, aphunzitsi achiyuda, anaika patsogolo pemphero, kulapa ndi ntchito zachifundo. Komabe Mishnah, buku la malamulo ndi ziphunzitso za arabiwo, inanenetsa kuti ngakhale Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo, silifafaniza zimene munthu walakwira mnzake mpaka atakamupepesa.

Ngati mukufuna poyambira kuwerenga, mayi, tengani mitu 3, 5 ndi 6 ya Levitiko, ndipo mutu 16 muwerenge pambuyo pake.