Tifunseni: kulira kwa “mmmm” m'mawu ojambulidwa kunyumba

FUNSO: Akonzi, ndimajambula nkhani zomvetsera pa laputopu ndi maikolofoni yapawaya. Ndikavala mahedifoni ndimamva kulira kosalekeza kuti “mmmm” pansi pa mawu anga, ngakhale pomwe ndakhala chete. Kodi ndigule maikolofoni ina?

YANKHO: Musathamangire kugula, chifukwa kawirikawiri wolakwa si maikolofoni ayi, ndi magetsi. Magetsi a m'nyumba amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi m'mayiko a ku Europe ndi ambiri a mu Africa, zomwe zimalembedwa kuti 50 Hz. Ku United States ndi ku Canada ndi 60 Hz. Kugunda kumeneku kukalowa mu waya wa maikolofoni, khutu limamva “mmmm” uja, ndipo sabwera yekha: amatsagana ndi anzake pa 100, 150 ndi 200 Hz.

Yambani ndi chaja. Izuleni, mujambule masekondi khumi laputopu ikuyendera batire. Kulira kukatha, mwapeza pomwe pali vuto: mwina chajayo ndi yosalongosoka, kapena zipangizo zanu zalumikizidwa m'masoketi osiyana, ndiye kamphamvu kamagetsi kakuzungulira pakati pawo kudzera m'mawaya a mawu. Akatswiri amati ground loop. Lumikizani laputopu, masipika ndi mikisa (chipangizo chosakaniza mawu) pa ekisitenshoni imodzi, apo ayi muzijambula pa batire. Palinso kachipangizo kotchedwa ground loop isolator komwe kamaikidwa pakati pa waya wa mawu. Koma chonde, musathyole kapena kumata phini ya ethi (yachitatu ija, yoteteza ku ngozi ya magetsi) pa pulagi, ngakhale wina akuuzeni kuti zimathandiza. Phokoso litha ndithu, koma tsiku lomwe chipangizo chidzawonongeke mkati, magetsi adzadutsa mwa inu.

Kulira kukapitirira pa batire, yang'anani mawaya. Wa maikolofoni asagone limodzi ndi wa magetsi, ndipo asayandikire kabokosi ka chaja. Ngati n'kofunika kuti akumane, apingasane, osati kuyenda motsatana. Waya wa XLR (wa pulagi ya maphini atatu) amadzitchinjiriza bwino chifukwa mawu amayenda m'timawaya tiwiri, ndipo phokoso lomwe lalowa mofanana m'tonse tiwiri limafafanizika kumapeto. Waya wa kajeki kakang'ono alibe chitetezo chimenechi, choncho akhale wamfupi. Kumbukiraninso filiji, fani, ndi kunjenjemera kwa laputopu komwe kumadutsa m'tebulo: thawulo lopinda pansi pa mwendo wa maikolofoni limathetsa zambiri.

Nanga zomwe munajambula kale? Tsegulani fayilo mu Audacity, pulogalamu yaulere. Sankhani pamalo pomwe simukulankhula, mupite pa Analyze kenako Plot Spectrum, muone pomwe mzere watumphuka. Ikani Notch Filter (sefa yodula kulira kwa pamalo amodzi) pa 50 Hz, mubwereze pa 100 ndi 150 ngati napo patumphuka. Nambala ya Q ikhale cha pa 10 kuti mudule kampata kopyapyala, popeza mawu a abambo amayambira cha pa 85 Hz ndipo mukadula mokulira mumachotsa mawu enieniwo. Malizani ndi High-Pass Filter pa 80 Hz, sefa yochepetsa kulira kwa pansi pa nambala imeneyi. Mukapitirira 100 Hz, mawu abesi amauma.

FUNSO: Ndinagwiritsa ntchito Noise Reduction ya mu Audacity kuti ndichotse phokoso la “siii”. Phokosolo linachokadi, koma tsopano ndikumveka ngati ndikulankhulira pansi pa madzi. Ndinalakwitsa pati?

YANKHO: Munaikweza kwambiri, kapena chitsanzo cha phokoso chomwe munaipatsa munali mpweya wanu. Pulogalamuyi imayamba yaphunzira phokoso, kenako n'kumachotsa chilichonse chofanana nalo. Choncho nthawi zonse muzisiya masekondi khumi a chete musanayambe kulankhula, osasuntha mpando, osapumira pa maikolofoni. Sankhani mbali imeneyi, dinani Get Noise Profile, kenako sankhani fayilo yonse n'kuchotsa 6 mpaka 12 dB basi (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), Sensitivity ili pa 6. Musanavomereze, sankhani Residue mumve zomwe zikutayidwa. Mukamvamo zidutswa za mawu anu, tsitsani manambala. Kaphokoso kotsalira pang'ono omvera amakaiwala msanga, koma mawu ophwanyika amatopetsa mpaka kumapeto.

Ife timaona kuti ambiri amafuna pulogalamu ikonze zomwe mtunda ukanakonza. “Siii” amakula munthu akakhala patali ndi maikolofoni n'kukweza gain (mphamvu yokulitsira mawu a maikolofoni) kuti amveke. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mawu anu amakwera ndi 6 dB pomwe phokoso la m'chipinda lili pomwepo. Khalani masentimita 15 mpaka 20, maikolofoni ili chapambali pang'ono pa kamwa kuti mpweya wa “p” ndi “ph” usaimenye mwachindunji, kapena ikani kansalu kotchinga kotchedwa pop filter. Gain ikhale pakuti mukakweza mawu, mita yoonetsa kukwera kwa mawu izifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ikagunda 0 dB mawu amang'ambika, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingawabwezeretse bwinobwino. Sungani ntchito yanu ngati fayilo ya mtundu wa WAV, pa 44.1 kapena 48 kHz. MP3 ikhale yomalizira, chifukwa nthawi iliyonse mukaisunganso mumataya kanthu.

FUNSO: Chipinda changa chimabweza mawu. Anzanga akuti ndikhome matileyi a mazira kukhoma. Zoona?

YANKHO: Matileyi ndi opyapyala, sathandiza kwenikweni, komanso sachedwa kugwira moto. Mawu amabwerera akagunda khoma, galasi ndi simenti yopanda kanthu, ndiye mufunika zinthu zofewa ndi zochindikala: makatani olemera, kapeti, matiresi choimika, bulangete lopachika kumbuyo kwanu. Ombani m'manja kamodzi. Mukamva kamchira kakulira, wonjezerani zofewa. Kutsogolo kwa wodilopu yotsegula yodzaza zovala ndi malo abwino kuposa pakati pa chipinda chachikulu. Noise Reduction sichotsa eko, choncho vutoli lithetseni musanadine batani lojambulira.

FUNSO: Nanga “tititi” yemwe amabwera mwa apo ndi apo n'kusiya yekha?

YANKHO: Ameneyo ndi foni yanu ikulankhulana ndi netiweki. Iikeni pa flight mode kapena muisiye m'chipinda china, ndipo auzeninso alendo omwe mukucheza nawo pa maikolofoni.